Za Galu wa kwa Baskerville ndi Nsapato Yakale

Mwa mabuku a Angerezi alipo ena amene ntchito yawo ndiyo kubisa chinthu pa chiyambi ndi kuchiulula pa mapeto. Munthu afa, womupha sadziwika, ndipo wowerenga ayenda pambuyo pa wofufuza mlandu monga mwana atsata mlenje polondola mapazi a nyama. Wofufuza womveka koposa onse ndiye Sherlock Holmes, munthu wongopeka, amene anamupanga Arthur Conan Doyle, dokotala wobadwira ku Edinburgh. Nkhani zake zinayamba mu 1887 nizitha mu 1927, ndipo zonse pamodzi ndizo mabuku aakulu 4 ndi nthano zazifupi 56. Lero tifuna kunena maganizo athu pa limodzi la mabuku aakuluwo, lotchedwa The Hound of the Baskervilles, ndiko kunena Galu wa kwa Baskerville, limene linatuluka chigawochigawo m'magazini ya Strand mu 1901 ndi 1902.

Tiyambe tadziwa kuti mlembiyo anali atatopa naye Holmes, kotero kuti mu 1893 analemba nthano ya kugwa kwake m'mathithi a Reichenbach ku Switzerland, kuti apumule. Owerenga anadandaula zaka 8. Pomaliza anawalembera buku ili, nati zimenezi zinachitika Holmes asanagwe m'mathithi muja. Chomwecho anthu analilandira ndi njala yaikulu.

Nkhani yake nayi. Ku Dartmoor, chipululu cha miyala, nkhungu ndi madambo a matope kummwera chakumadzulo kwa England, kunali banja lachuma la Baskerville. Anthu a kumeneko ankati kholo lawo Hugo, munthu woipa, anaphedwa ndi galu wa mizimu zaka zoposa 200 zapitazo, ndi kuti galuyo asakabe zidzukulu zake. Tsiku lina Sir Charles, mkulu wa banjalo, apezedwa atafa usiku kunja kwa nyumba, wopanda bala, koma pafupi pake pali mapazi a galu wamkulu. Wolowa m'malo mwake, Sir Henry, adza kuchokera ku Canada, ndipo dokotala wa banjalo apempha Holmes kuti amteteze.

Apa mlembi anachita mwanzeru. Ife amene tazolowera nthano zambiri za munthu mmodzi tikhala ndi ulesi wina: tidziwa kuti Holmes salephera kawirikawiri, tsono tiwerenga mtima uli m'malo, osaganiza tokha. Koma m'buku ili Holmes atuma bwenzi lake Dr Watson yekha ku Dartmoor, iye nakhala wosaoneka machaputala ambiri. Titsala ndi Watson, munthu wokhulupirika koma wa nzeru zonga zathu. Timva naye kulira kwa usiku kuchipululu, tiona naye nyali pa zenera, timva za wandende wothawa amene abisala m'miyala. Ndipo popeza palibe wotimasulira, mantha a anthu a kumeneko atilowa ifenso. Ichi ndicho chikometsa bukuli koposa anzake.

Koma taonani, yankho linaperekedwa kale pa masamba oyamba, ife tisanachoke ku London. Sir Henry ali ku nyumba ya alendo, inasowa nsapato yake imodzi, yatsopano, yosavalidwa ndi kamodzi komwe. Pambuyo pake yatsopanoyo inabwezedwa, nisowa ina yakale. Kodi mbala yotani ibweza chatsopano ndi kutenga chakutha? Ndiyo mbala yofuna fungo la mwini nsapato. Nanga afuna fungo ndani? Galu wa mnofu ndi mafupa, amene munthu amnunkhiza chovala kuti alondole mwini wake. Mzimu sufuna nsapato. Kanthu kakang'ono aka kanagwetsa nthano ya zaka 200, koma owerenga ambiri akapitirira osakaona, pakuti maso awo ali pa zoopsa.

Mwini galuyo ndiye Stapleton, mnansi waulemu amene ayendayenda ndi kaukonde kogwirira agulugufe. Iyeyu anali wa magazi a Baskerville, koma anabisa dzina lake, natchula mkazi wake mlongo wake. Holmes anamzindikira poona nkhope yake ifanana ndi chithunzi cha Hugo pakhoma. Anagula galu wamkulu, nambisa pakati pa dambo la Grimpen, nampaka mankhwala owala mumdima otchedwa phosphorus. Podziwa kuti Sir Charles anali ndi nthenda ya mtima ndiponso ankakhulupirira nthano ija, sanafune mpeni kapena mfuti. Mantha okha anamgwirira ntchito. Chimene anafuna ndicho cholowa cha mapaundi 740,000. Pamapeto anathawira m'dambo lomwelo usiku wa nkhungu, ndipo sanaonekenso. Akulu anati choipa chitsata mwini.

Sitinena kuti bukuli lilibe chilema. Holmes ananyenga Watson, pakuti nthawi ija Watson ankayesa kuti bwenzi lake lili ku London, iye anali kubisala m'kanyumba ka miyala ku Dartmoor komweko. Choposa apo, anayesa Sir Henry nyambo, namuuza ayende yekha usiku, osamuuza chimene chidzamtsata. Nkhungu inafika, galu anamgwetsa pansi asanaphedwe, ndipo munthuyo anadwala nthawi yaitali chifukwa cha mantha aja. Wowerenga wokonda Holmes akhululuka msanga, koma ife tiyesa kuti nzeru sizipatsa munthu ufulu wosewera ndi moyo wa mnzake. Kuzolowerana ndi munthu m'mabuku ambiri kusatitseke pakamwa pamene alakwa.

Tsono, owerenga athu, chifukwa ninji tikuuzani za buku la dziko lakutali? Chifukwa chake ndi ichi: paliponse pamene pagwa maliro ndipo patsala chuma chamasiye, mbiri zoopsa sizichedwa kumveka. Wina anena anaona chinthu usiku, wina anena anamva kulira kuseri kwa nyumba, ndipo wamasiye asamuka ndi mantha, kusiya munda ndi nyumba. Bukuli silinyoza anthu amene anaopa. Iwo sananame: galu analipo ndithu, ndipo anawaladi mumdima. Chimene sanafunse ndicho chakuti, galu ameneyu amdyetsa ndani, ndipo apindula ndani ife tikathawa?

Amene adziwa Chingerezi aliwerenge bukuli, nawafotokozere anzawo madzulo. Ndipo pofika pa nsapato ija aime, awafunse ana chimene aganiza. Pakuti mwana amene aphunzira kufunsa za nsapato yakale sadzathamangitsidwa msanga pa munda wa atate wake.