Tinateteza Junza, Tinapweteka Mnzathu

Kulemba tinakuyamba chifukwa cha malaiti. Mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, magetsi anali kupita pafupifupi tsiku lonse kuno ku Matero, ndipo Mpali inali kutipita kawirikawiri. Tili asanu m'kagulu kathu. Tinayamba kudzilembera tokha zimene zingachitike pa famu ya a Nguzu ndi akazi awo, n'kumatumizirana pa foni. Sewero limeneli linayamba pa Zambezi Magic mu 2018, choncho aliyense wa ife amadziona ngati katswiri.

Tsiku lina wamng'ono pa tonse, mtsikana wa Giredi 11, anatumiza nkhani yake yoyamba. M'nkhanimo Junza, mkazi wamkulu, anapita usiku kukhomo la mkazi wamng'ono atanyamula kambale ka ndiwo, n'kukhala pansi ndi kupepesa.

Tinamugwera ngati ntchentche pa kapenta. Wina anati, "Iwe, ba Junza sibangachite so." Wina anawerenga mawu olembedwa molakwika. Winanso anadandaula kuti wasakaniza Chibemba ndi Chinyanja mumzere umodzi, ngati kuti ife pa basi ya ku tauni timakamba mosiyana. Iye anayankha kuti zikomo chabe. Milungu itatu inapita osatumiza kalikonse.

Mmodzi wa ife anakumana naye pa msika, ndipo m'pamene tinamva. Amayi ake ndi mkazi wachiwiri. Amaiguru ake sanapondepo pakhomo pawo, ngakhale pamene m'nyumbamo munali matenda. Mnzathu anabwereka Junza kuti aone, ngakhale pa foni chabe, chinthu chimene akhala akuchiyembekezera kwawo. Ife tinali kuteteza munthu wa pa TV, koma amene anali kumva kuwawa anali mnzathu.

Sitikunena kuti nkhani yake inalibe vuto. Linalipo. Junza anasintha mtima popanda chomusintha, ndipo wowerenga sakanakhulupirira. Koma palibe mmodzi wa ife amene ananena zimenezo. Tinati zimene walemba n'zosatheka, m'malo momufunsa kuti n'chiyani chingakankhire mkazi wamkulu mpaka kukagogoda pakhomo limenelo.

Manje timachita mosiyana. Wolemba amayamba watiuza ngati akutsata sewero kapena akupatuka dala, chifukwa wopatuka dala sitingamuuze kuti wasochera. Kenako aliyense amatchula mzere umene unamugwira, osangoti "yabwino maningi", popeza kutamanda kotere sikuthandiza munthu kulemba ina. Vuto timatchula limodzi, lalikulu, ndipo timalinena ngati funso. Za kalembedwe ka mawu timamutumizira payekha, osati pamaso pa onse.

Tinapita kukamupepesa kwawo, tonse anayi, ndipo amayi ake anatipatsa tiyi osadziwa chimene tabwerera. Patapita masiku anatumiza nkhani ija ataikonza. Anawonjezera chigawo chimene mwana wa mkazi wamng'ono akudwala usiku, a Nguzu kulibe, ndipo Junza akumva kulira kwake ali kuchipinda chake mpaka kulephera kugona. Kambale ka ndiwo kaja kanabwera pambuyo pake, ndipo nthawi ino tinakhulupirira.

Pansi pake analemba kuti timuuze pamene pakali pofooka. Tinapezapo pamodzi, kumapeto, ndipo akupakonza.