Nkhata za M'khosi Mwanga

Ine ndine mphunzitsi wamkulu pa sukulu ina ya pulaimale kuno ku Zomba, ndipo zaka zanga zapitirira 40. Chaka chatha khosi langa linandisautsa kwambiri. Podzuka m'mawa linali louma gwa, ndipo munthu akandiitana kumbuyo ndinali kutembenuka thupi lonse. Pambuyo pake ululu unatsikira m'phewa, choko nichiyamba kundipulumuka m'dzanja. Ndinachita mantha, pakuti mphunzitsi wosatha kulemba pa bolodi adzawadyetsa chiyani ana ake?

Abale anga anati, "Alipo wina amene afuna mpando wanu." Ndichita manyazi kunena kuti ndinawakhulupirira. Kwa miyezi iwiri sindinadyere pamodzi ndi mnzanga wina wa pantchito, munthu wosalakwa konse. Ananditemanso mphini pakhosi, koma ululu sunachoke.

Potsiriza akazi anga anandiumiriza kunka ku chipatala chachikulu cha Zomba. Kumeneko anandijambula khosi, ndipo mayi wina wophunzira ntchito yowongola ziwalo anandisonyeza chithunzicho nati, "Aphunzitsi, m'khosi mwa munthu muli mafupa 7 osanjikizana. Pakati pa mafupawo pali tinthu tofewa tosunga madzi, tonga nkhata imene mkazi aika pamutu posenza mtolo. Munthu akamakula nkhatazo ziuma ndi kuphwa, mafupa nayandikana, ndipo nthawi zina apana mtsempha wopita ku mkono. Taonani apa, mpata wachepa."

Ndinafunsa, "Nanga mayi, kodi sizidzameranso zatsopano?" Iwo anati, "Iyayi, yatha yatha. Koma ululu tikhoza kuuchepetsa."

Tsono anandigoneka chagada, nakanda mnofu wa pakhosi ndi m'mapewa, nakoka mutu wanga pang'onopang'ono. Anandiphunzitsa kubweza chibwano m'kati, kucheuka mofatsa uku ndi uku, kuthowa khosi ndi nsalu yofunda, ndi kugonera mtsamiro waufupi. Anandiletsanso kuwerama nthawi yaitali pochonga makope. Atapita masabata angapo dzanja langa linagwiranso choko bwino.

Kuchiza ndi manja kotere n'kwakale. M'chaka cha 1874 dokotala wa ku America, dzina lake Andrew Taylor Still, anayamba njira yotchedwa osteopathy, ndipo mu 1892 anatsegula sukulu yake ku Kirksville. Kuno kwathu ntchito yofanana nayo aichita owongola ziwalo a m'zipatala. Komatu dziwani kuti manja a munthu angopumitsa khosi, sabweza nkhata yakutha. Chotsala chili kwa mwini khosi, tsiku ndi tsiku.

Masiku ano ndikaona amayi ali kutsika phiri pa msewu wa Ku Chawe ndi mitolo yaitali ya nkhuni, mtima wanga uwawa. Mutu wokha wa munthu wamkulu ulemera pafupifupi makilogalamu 5, ndipo pamwamba pake asanjikapo katundu woposa pamenepo kangapo. Ine anandipweteka makope chabe, nanga iwowo? Ndidziwa kuti mtolo ndiwo ufa wa ana awo, chotero sindinganene kuti aleke. Ndingowapempha kuti achepetse mtolo ngati n'kotheka, athandizane potukula ndi potula, ndipo ana aang'ono asawasenzetse zolemera.

Inu owerenga, musalole munthu wosaphunzira kukupotolani khosi mwamphamvu. Manja akachita dzanzi, miyendo ikafooka, kapena mukamaonda ndi kutuluka thukuta usiku, fulumirani ku chipatala, pakuti chifuwa chachikulu nachonso chimadya mafupa a msana.

Mnzanga uja ndinapita kwawo ndi nkhuku kukapepesa. Anaseka nati, "Ahedi, mpando wanu sindiufuna, khosi langa likali bwino." Nkhukuyo tinadyera limodzi tsiku lomwelo.