Kuonda si kachilombo kokha, nthawi zina ndi fulawa

Pamsika munthu akayamba kuonda, mlandu wake umaweruzidwa asanafike n'komwe kuchipatala. Amayi a pabenchi la tomato amangotsinana, anyamata a kaunjika n'kumawerenga mabowo atsopano pa lamba wa thalauza, kenaka mawu amatuluka: "Uja ndiye wapita basi." Wina amati kachilombo, wina amati anaponda mankhwala a mnzake wa bizinesi. Lero ndikufuna tikambe za nthenda ina yomwe imaondetsa munthu chimodzimodzi, koma gwero lake lili m'thumba la fulawa lomwe ambiri a ife timadyerapo.

Madokotala amaitchula kuti coeliac disease. Mu tirigu muli chinthu china chotchedwa gluten, chomwe chimachititsa kuti ufa wake ukaukanda uzinyudukira ngati ulimbo, n'kufufuma bwino. Chimapezekanso mu balere, amene amafululira mowa wa m'mabotolo. Kwa anthu ambiri gluten ndi chakudya basi. Koma kwa ena, chikangofika m'matumbo aang'ono, asilikali a m'thupi amachiona ngati mdani, ndipo pomenyana nacho amawononga matumbo omwewo. M'kati mwa matumbo muli tinthu tating'onoting'ono tokhala ngati ubweya wa thaulo, timene timayamwa chakudya kuti chilowe m'magazi. Tinthu timeneti tikaphwanyika, matumbo amasalala, chakudya n'kumangodutsa ngati basi ya ekisipulesi. Munthu akudya ndithu, koma thupi lili ndi njala.

Ine ndinaziona pa msuweni wanga, mwana wa azakhali anga amene akhala akukazinga mandasi pamsika wina muno mu Blantyre kuyambira ndili ku pulayimale. Mtsikanayu atasiya sukulu anayamba kuthandiza amayi ake. M'mawa tiyi ndi mandasi otsala adzulo, masana zigege, madzulo nsima ikachedwa ndiye sikono. Mu 2021 anayamba kutsegula m'mimba, osati kwa masiku atatu ayi, miyezi. Mimba inkatupa ngati ng'oma akangodya. Pepani kwa amene mukuwerenga muli pakudya, koma chimbudzi chake chinali chotuwa, chamafuta ndi chonunkha moonjeza. M'kamwa zilonda zosatha. Kunyamula beseni la mandasi kuchoka kunyumba kufika pamsika amapumira kawiri. Kuchipatala anati magazi ndi ochepa, anamupatsa mapiritsi a ayironi, anamwa mpaka kutopa nawo, magazi osabwerera. Mankhwala a njoka za m'mimba anamwa. Za kachilombo anayezetsa katatu, katatu konse osapezeka nako, koma pamsika anthu anali atamaliza kale kumuyeza ndi maso.

Chodabwitsa chinali ichi. Nyengo yokolola anapita kwa agogo ku Ntcheu, komwe chakudya chinali nsima, nyemba, maungu ndi mbatata. Atakhala miyezi iwiri anabwerako masaya atabwerera. Atangotha masabata ochepa m'tauni, zonse zinayambiranso. Azakhali anangoti, "Mwanawe, tauni ino ili ndi anthu ake." Maso onse anagwera pa mayi wina wokazinga mandasi pafupi nawo, moti moni anatha pakati pawo. Mayi wosalakwa, abale.

Nkhani yotereyi inachitikaponso kwa azungu. Nthendayi inalembedwa bwinobwino ndi dokotala wina wa ku London, Samuel Gee, mu 1888, koma panapita zaka zambiri anthu asanadziwe chomwe chimaiyambitsa. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, mu 1944 ndi 1945, ku Netherlands kunagwa njala yoopsa ndipo buledi anasowa. Dokotala wa ana, Willem Dicke, amene ankakayikira kale tirigu, anaona kuti ana odwala nthendayi ayamba kupeza bwino pamene anzawo akuvutika ndi njala, ndipo buledi atabwerera anayambanso kudwala. Mu 1950 analemba zomwe anapezazo. Kwa msuweni wangayu, Ntcheu inachita zomwe njala ija inachita kwa ana a ku Netherlands.

Anatulukira zimenezi ndi dokotala wina amene anafunsa funso lomwe ena onse sanafunse: "Achemwali, kumudziko mumadya chiyani, nanga kuno mumadya chiyani?" Anamutumiza kukayezetsa magazi, mayeso otchedwa tTG, olipira, ndipo banja linasonkha. Pambuyo pake anamulowetsa kachipangizo ka kamera pakamwa n'kutapa kanyama ka m'matumbo kukakaunika. Apa mumvetsetse: munthu asasiye kudya za tirigu asanayezedwe. Akasiya, matumbo amayamba kupola ndipo mayeso amaonetsa ngati ali bwino pamene nthenda ilipo.

Sikuti onse amatsegula m'mimba. Ena amadzimbidwa. Ena chizindikiro chawo ndi kuchepa magazi kokhako. Pali ena amatuluka timatuza toyabwa koopsa m'zigongono, m'mawondo ndi m'matako, mbali zonse ziwiri mofanana. Kwa amayi ena zimaonekera pa kupita padera kawirikawiri. Kwa mwana wamng'ono, amakula bwino akamayamwa ndi kudya phala la mgaiwa, koma akayamba kupatsidwa buledi ndi mabisiketi sikelo imaima, mimba n'kutupa, timatako n'kufota, kulira kosatha. Ikalekereredwa zaka, mafupa nawo amafooka.

Palinso anthu amene tirigu amawatupitsa mimba, kuwapweteketsa mutu ndi kuwafoola, koma akayezedwa matumbo awo ali bwinobwino. Awo thupi lawo limangodana ndi gluten, si coeliac. Enanso akadya za tirigu pompopompo thupi limachita zidzolo, milomo kutupa, kupuma movutikira. Imeneyo ndi nkhani ina, yothamangira nayo kuchipatala nthawi yomweyo.

Tsono musathamangire kunena kuti aliyense wotsegula m'mimba ndi fulawa. Kuno kwathu madzi oipa, njoka za m'mimba, TB ndi kachilombo ka HIV ndizo zimaondetsa anthu ambiri, ndipo n'zoyenera kuyamba kuyezetsa zimenezo. Mankhwala a ARV akuperekedwa ulere m'zipatala za boma kuyambira 2004, palibe chobisalira. Koma zonsezo zikayezedwa osapezeka, munthu n'kumathabe, m'pamene muyenera kumuuza dokotala za zakudya. M'maiko ambiri nthendayi imagwira munthu mmodzi pa 100 aliwonse. Ndipo wina asakunamizeni kuti ndi ya azungu okha. Mu 1999 kafukufuku pakati pa ana a mtundu wa Saharawi, m'misasa ya othawa kwawo ku Algeria komwe chakudya chachikulu chinali ufa wa tirigu wa chithandizo, anapeza kuti oposa asanu pa 100 aliwonse anali nayo. Imayendanso m'magazi: ngati m'bale wako wa bere limodzi kapena kholo lili nayo, mwa abale 10 otere mmodzi amapezeka nayo.

Jekeseni kapena piritsi lochiza palibe. Mankhwala ake ndi kusiya tirigu moyo wonse. Mwayi wathu ndi woti nsima ilibe gluten. Mpunga, kondowole, chinangwa, mbatata, kachewere, nthochi, mapira, mawere, nyemba, usipa, zonsezo munthu amadya mtima uli m'malo. Mzungu wodwala nthendayi amavutika kuposa ife, poti kwawo chilichonse ndi buledi.

Kwa inu okazinga, bizinesi yanu siili pangozi, makasitomala ambiri adzadyabe mandasi mpaka kukalamba. Chomwe ndikupempha n'chochepa. Wina akafunsa ngati m'chigumu kapena m'zitumbuwa mwathirako fulawa, muuzeni zoona, poti ena mumathira pang'ono kuti zigwirane. Kwa wodwala nthendayi ngakhale nyenyeswa zimavulaza. Tchipisi chokazingidwa pachiwaya chomwe mwangochotsapo zigege chatenga kale gluten. Soseji zambiri nazo amaikamo zinyenyeswa za tirigu.

Azakhali anga tsopano ali ndi mapoto awiri ndi zipande ziwiri. Msuweni wanga amakazinga zitumbuwa za nthochi ndi mgaiwa wokhawokha m'mafuta akeake, ndipo beseni lake limatha lisanakwane la mandasi.