Ana anga a m'cigubu

Mu January 2024, kolera itavuta mu Lusaka, masukulu anacedwa kutsegula. Ine n'nali cabe pa nyumba ku Kanyama, kutsiliza ma bundle pa YouTube. Kumeneko n'napeza anthu a ku Britain amene amaweta kanyama kochedwa newt. Kamaoneka monga buluzi, koma kamaikila mazila m'madzi, limodzi-limodzi, lililonse n'kulikulunga m'tsamba. Kuno kwathu kulibe newt. Ife tili na acule.

Mvula itagwa, n'napita pa cithaphwi kuseli kwa msika. Mazila a cule anali mmenemo, akuda, ondondozana monga mikanda pa ulusi. N'nadula cigubu ca malita 20, n'kutunga madzi pamodzi na ndele, n'kukabisa kuseli kwa nkhuni. Patapita masiku ocepa, tumbululu tunayamba kugwedeza micila. N'nali kutupatsa lepu yowilitsa.

Amai atacipeza cigubu anakalipa. "Iwe, anthu akufa ku Heroes Stadium, ndiye ubweletsa madzi a pa cithaphwi m'nyumba mwanga?" Sananame. Tinagwilizana kuti cigubu cikhale kutali na mbale, cobvinikila na neti, ndipo nizisamba m'manja na sopo nikacigwila.

Amene anapha ambili ni ine. Tsiku lina madzi atacepa, n'nathililamo a m'ndowa ya amai, n'naiwala kuti anaikamo klolini. Mankhwala amene anali kutisunga ife amoyo anawaocha khungu na zopumila. M'mawa n'napeza ambili ali gada. Anatsala 9.

N'nalila mobisa. Madzulo n'naona beseni ili pansi pa malata. "Ya acule ako," anatelo amai osaniyang'ana. "Madzi a mvula alibe mankhwala."

Mwana wa newt amayamba kumela miyendo ya kutsogolo. Anga anayamba ya kumbuyo, kenako ya kutsogolo, mcila n'kumafupika tsiku na tsiku. N'naikamo mwala kuti akwelepo, cifukwa kacule kakayamba kupuma mpweya kangamile.

Mu February mvula inaleka, cimanga cinauma m'minda, ndipo cithaphwi cija cinasanduka dothi long'ambika. Abale awo amene n'nawasiya mmenemo sanafike pomela miyendo.

Tuacule 7, tung'ono monga cikhadabo, n'natumasula usiku pansi pa nthoci za a neba, pomwe pamakhala cinyontho. Tunalumpha osaceuka.

Masiku ano cule akalila pafupi na khomo, amai amaleka kutsuka mbale n'kunifunsa kuti, "Uyo si mwana wako?"