Kalata Imene Tiidikira ku Mbungo

Ife a ku Mbungo pa chisumbu cha Likoma tidziwa kudikira kuyambira ubwana wathu. Makolo athu anadikira sitima ya Chauncy Maples, imene inayamba kuyenda pa nyanja yino mu 1901. Ife tinakula ndi kudikira Ilala, imene inatsata mu 1951. Koma kudikira kumene kuli m'nyumba mwathu miyezi ino nkwa mtundu wina, ndipo tati tikuuzeni, kapena alipo makolo ena amene asenza katundu yemweyu.

Tiri ndi mwana wamkazi amene anatsiriza digiri yache yoyamba, naphunzitsa pa sukulu ya sekondale ku mtunda zaka zitatu. Pa Khirisimasi yapitayi anadza kwathu, nakhala pa mphasa, nati, "Bambo, Amai, ndifuna digiri yachiwiri, ndifuna kuphunzira za ubale wa maiko." Ife tinayang'anana. Za unamwino, za uphunzitsi ndi za unsembe tizidziwa, pakuti chisumbu chino chatumiza anthu otere m'dziko lonse. Koma ubale wa maiko, munthu auphunzira bwanji, ndipo pambuyo pache adzadya chiani? Iye analoza ku gombe, natifunsa kuti, "Nanga madzi awa ali a yani?"

Tinachita manyazi, pakuti yankho lache tilidziwa. Likoma ndi Chizumulu ziri za Malawi, koma madzi otizinga ali a Mozambique. A Misyoni ya U.M.C.A. anakhala pano mu 1885. Mu 1891 Angerezi ndi Apwitikizi anapangana kuti gombe loyang'anana nafe likhale la Apwitikizi, zisumbu ziwirizi zitsale m'manja mwa Angerezi. Ndipo mu 1954 anapangananso kuti malire apite pakati pa nyanja, koma zisumbu zikhale monga kale. Palibe mmodzi wa agogo athu amene anaitanidwa ku mabwalo amenewo, chinkana mapepala ao atilamulira kufikira lero. Kumpoto nako kuli mlandu: pangano la Angerezi ndi Ajeremani la 1890 linaika malire pa gombe la tsidya lija, ndipo Malawi agwira pamenepo, pamene Tanzania ati malire ali pakati pa madzi. Mu 2012 mkangano unabukanso chifukwa cha kufuna mafuta pansi pa nyanja, ndipo a Joaquim Chissano, amene kale anali Pulezidenti wa Mozambique, anapemphedwa kukhala nkhoswe. Mwana wathu anati ntchito ya unkhoswe wotere ndiyo afuna kuiphunzira. Pamene anatchula unkhoswe tinamva, pakuti nkhoswe yosadziwa mbiri ya mabanja awiri iononga ukwati.

Tsono panabuka funso lobvuta koposa: akaphunzire kuti? Amalume ache, amene anagwira ntchito zaka zambiri ku Johannesburg, sanafune kumva dzina lina koma England. Anati Boma la Britain liri ndi thandizo lochedwa Chevening, lolipira maphunziro a chaka chimodzi kwa munthu amene wagwirapo ntchito zaka ziwiri, ndi kuti wophunzirayo abwerere kwao atatsiriza. Tibvomere, abale, kuti mitima yathu inapendekera komweko, osati chifukwa cha nzeru ai, koma chifukwa tinaganiza kukoma kwa kunena pa khomo la chalichi kuti, "Mwana ali ku London." Ku Zomba nako kuli maphunziro apamwamba a za ndale, ndipo kumeneko tikadatha kumtumizira usipa wouma ndi ufa wa chinangwa. Iye anatchulanso sukulu ya akazembe ya ku Dar es Salaam, imene Tanzania ndi Mozambique anaiyamba pamodzi mu 1978. Koma mtima wache unali pa Maputo, kumene sukulu ya ubale wa maiko inatsegulidwa mu 1986, ndipo mu 2018 inaphatikizidwa ndi ina, nichedwa Universidade Joaquim Chissano. Chobvuta nchimodzi: kumeneko aphunzitsa m'Chipwitikizi.

Amene anaweruza nkhaniyi ndi agogo ache, mai wosadziwa kulemba dzina lache. Iwo anabadwira tsidya lija, pafupi ndi Kobwe, nathawira kuno ali mtsikana mu 1964, pamene nkhondo ya Frelimo ndi Apwitikizi inayamba. Anatikumbutsa za atate wao, amene asilikari anawagwira asanathawe, nawafunsa mafunso m'Chipwitikizi. Iwo pakusamva anangoti "inde, inde," osadziwa chimene alikubvomera, ndipo anagona womangidwa masiku awiri kufikira mphunzitsi wina wa mpingo anadza kudzamasulira. Atatha kunena izi agogo anatembenukira kwa mdzukulu wao, nati, "Mwanawe, Chingerezi uli nacho kale, ndipo a Chingerezi kwathu kuno achuluka ngati nkhungu pa nyanja. Koma amene tigawana nao madzi, amene atigulitsa nkhuni ndi kudza nao odwala ao ku chipatala chathu, akuru ao alemba malamulo m'chinenero chimene akuru athu sachimva. Pita ukachitenge." Ife tinakhala chete. Tinakumbuka kuti njira yotere si yachilendo mu mpingo wathu: Leonard Kamungu wa ku Chia anapita ku Kiungani, ku Zanzibar, pakati pa anthu a Chiswahili, asanalandire unsembe mu 1909, ndipo aphunzitsi ambiri a makolo athu anaphunzira pa St Michael's ku Kobwe, kuoloka madzi omwewa.

Chipwitikizi cha pa gombe, cha mtengo wa nsomba ndi moni, mwana wathu achidziwa. Koma cha mapangano ndi milandu chifuna miyezi yambiri ya sukulu, ndi ndarama zimene ife tiribe. Alipo mabungwe othandiza ofuna kuphunzira chinenerochi, monga la Camões la ku Lisbon. Iye analembera mabungwe awiri otere, natumiza mapepala ache onse pa intaneti, pamodzi ndi umboni wa aphunzitsi ache akale. Limodzi linayankha mwaulemu kuti opempha anachuluka, malo anachepa. Linalo silinafike nthawi yache yoyankha.

Pakati pa kudikiraku inadza kalata ina imene sitinaiyembekeza. Sukulu ina ya ku South Africa, kumene analembako chifukwa cha kukakamiza kwa amalume ache, inamlandira, niti atumize ndarama ya chikole mwezi usanathe kuti amsungire malo. Chuma chathu chonse chiri mu injini ya bwato limene mlongo wache apita nalo ku usodzi. Masabata awiri sitinagona bwino. Amalume anati, "Fodya wako ndi amene ali pamphuno; gulitsani injini." Ndipo mau ao sanali opusa, pakuti thandizo la Chipwitikizi likakanika, mwana adzakhala wataya zonse ziwiri, ndi chaka chathunthu pamwamba pache. Koma ife tinaona kuti chikole ndi khomo chabe; m'kati muli malipiro a zaka ziwiri, ndipo injini yachiwiri yogulitsa palibe. Tisanatsirize kukangana, mwini wache analemba yekha kalata yothokoza ndi kukana malowo, natiwerengera ataitumiza kale. Amalume ache sanapondenso pakhomo pathu kuyambira tsiku limenelo. Pa Misa atipatsa moni wa dzanja lokha.

Tsopano sukulu zatsekera, ndipo iye ali nafe kuno. Mwera ulikuomba, mabwato ambiri ali pa mtunda. M'mawa uli wonse akwera pa thanthwe la pafupi ndi mlambe, pamene lamya ya m'manja igwira bwino, nayang'ana ngati yankho lafika; akatsika osathamanga, amai ache safunsa kanthu, angompatsa phala. Madzulo akhala ndi agogo ache pa khonde, buku la Chipwitikizi pa miyendo, nawerenga mokweza, agogo namdzudzula pa mau ochepa amene anawasunga kuyambira utsikana wao. Amene muwerenga izi, mumkumbukire m'mapemphero anu a Lamulungu. A bungwe lija anati adzayankha mwezi wa mawa usanathe.