Ndinavotera munthu yemwe ndinamuchitira zionetsero

Ndimayendetsa minibasi mumzinda wa Lilongwe, ndipo ndale ndimazimva tsiku lonse kuchokera kumipando yakumbuyo. Ine ndimangogwira chiwongolero, osalowererapo. N'chifukwa chake ngakhale kondakitala wanga sadziwa zomwe ndinachita pa 16 Sepitembala 2025. Ndinalowa m'kachipinda kovotera n'kuchonga pa dzina la a Peter Mutharika, ndikudziwa bwino lomwe kuti wachiwiri wawo ndi mayi Jane Ansah. Ine ndemwe mu 2019 ndinkaimika galimoto, kutaya ndalama ya tsiku, n'kukaguba mumsewu mpaka mawu kusasa, kufuula kuti mayi omwewa achoke pampando wa bungwe loyendetsa zisankho la MEC.

Chaka chimenecho ndinavotera a Saulos Chilima. Ndinali nditatopa ndi nyimbo yakale yoti wa m'chigawo chapakati ndi wa tambala wakuda, wakummwera ndi wa chimanga, ndipo wakumpoto azingodikira kuti amufunsira ndani. A Chilima anapeza mavoti 20 pa 100 alionse, a Lazarus Chakwera 35, a Mutharika 38. Kenaka tinaona mapepala a zotsatira opakidwa Tipp-Ex, ndipo dziko linatentha. Fungo la utsi wokhetsa misozi ndimalikumbukirabe, ndiponso mmene mayi a kunyumba ankandidikirira pakhomo madzulo, osadziwa ngati ndibwera ndi miyendo yanga.

Pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu a khoti loona za malamulo a dziko anawerenga chigamulo chawo kuyambira m'mawa mpaka kunja kutada. Pa depoti madalaivala tinaunjikana pa wailesi imodzi, okwera nawonso osadandaula kuti galimoto sizikunyamuka. Chisankho anachifafaniza. Anawonjezanso kuti wopambana upulezidenti azipeza mavoti opitirira theka, zija timati 50+1. Tinavina tsiku limenelo. Palibe wa ife anakhala pansi kuganiza kuti lamulo limeneli likankhira tizipani tonse m'misasa iwiri yokha. Zinachitikadi mwachangu: zipani zisanu ndi zinayi zinalowa mumgwirizano wa Tonse pambuyo pa a Chakwera, UDF inatsatira DPP ya a Mutharika, ndipo njira yachitatu yomwe ndinaivotera chaka chapitacho inakhala wachiwiri kwa wina. Sindinadandaule. Pa 23 Juni ndinanyamula anthu a m'dera lathu ulere kupita nawo kokavota, ndipo a Chakwera anapambana ndi mavoti oposa 58 pa 100.

Malonjezo ndinkawadziwa pamtima. Ntchito 1 miliyoni. Kudya katatu patsiku. Thumba la feteleza K4,495. Pasipoti K14,000. Kulumikiza madzi ndi magetsi ulere. Tinauzidwa kuti tikupita ku Kanani, ndipo pokhala munthu wopemphera, ndinamva ngati ulaliki.

Mtima unayamba kugunda molakwika nduna zoyamba zitalengezedwa. M'ndandandamo munali bambo ndi mkazi wake, munalinso mlongo ndi mlongo wake. A Timothy Mtambo, omwe tinkawatsatira pa zionetsero, nawonso anapatsidwa unduna, ndipo misewu inangoti zii. Ndinadzitonthoza kuti ndi poyambira chabe. Feteleza wotchipa uja anabweradi chaka choyamba, amayi kumudzi anakolola. Kenaka mtengo unafika K7,500, kenaka K15,000, mayina a opindula akucheperachepera, mpaka la amayi linasowa. Pogula pa sitolo, thumba linadzadutsa K100,000.

Koma kwa ine chomwe chinandithyola msana ndi mafuta. Amene sanagonepo m'galimoto pamzere wa pa filing'i siteshoni sangamvetse. Umafika madzulo utamva mphekesera kuti thanki ikubwera, umagona pampando udzudzu ukukudya, kukacha akukuuza kuti dizilo watha, chonsecho anyamata a zigubu akugulitsa kuseri pamtengo wowirikiza. Mwini galimoto akufuna ndalama yake ya tsiku. Wokwera akukutukwana kuti wakweza mtengo, ngati ndiwe unagwetsa kwacha. Inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenakanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo tayala lililonse ndi sipeya iliyonse zinakwera usiku womwewo.

Sindine wosamva. Ndikudziwa kuti kunali Covid, kunali nkhondo ya ku Ukraine, kunabwera namondwe Freddy mu Malichi 2023 n'kupha anthu mazanamazana kummwera. Boma lililonse likanavutika. Chinkandiwawa n'chakuti oyendetsa dziko sankaoneka kuti akuvutika nafe. Maulendo a pandege sanathe. Mayi Martha Chizuma, omwe ankatsogolera bungwe lothana ndi katangale la ACB, anamangidwa mbandakucha mu Disembala 2022 ngati iwo ndiwo mbava. A Chilima anga omwe anazengedwa mlandu wa katangale, womwe unadzathetsedwa osafika pachigamulo. Maepiskopi a Katolika atalemba m'kalata yawo ya 2024 kuti m'malo mwa dziko lamalonjezano tafika ku Bagamoyo, kudoko komwe ankagulitsirako akapolo, m'minibasi anthu anaseka, koma kuseka kwake kunali kowawa. Kenaka pa 10 Juni 2024 ndege inagwa m'nkhalango ya Chikangawa. A Chilima ndi anzawo asanu ndi atatu anapita, ndipo mwezi wotsatira chipani chawo cha UTM chinatuluka mu Tonse.

Papepala la 2025 panali mayina 17. Panali a Joyce Banda, a Atupele Muluzi, a Dalitso Kabambe ndi ena omwe nkhope zawo ndinkaziona koyamba. Usiku woti mawa tikavota ndinauza mayi a kunyumba kuti mwina ndichonga pa a Kabambe.

"Bambo a ana, mukufuna kutaya voti?" anandifunsa akupakula. "Amenewo sangawine. Mukagawa mavoti omwewa abwereranso. Ufa wagulidwa ndi ndalama zingati sabata ino, mwaiwala?"

Apa ndi pomwe ndimadzimvera manyazi ndikaganiza. Lamulo la 50+1 lija, lomwe ndinalimenyera nkhondo, limalola munthu kuvota momwe mtima wake ukufunira pa ulendo woyamba. Ngati palibe wafika theka, awiri otsogola amabwerezanso, ndipo pamenepo m'pomwe ungasankhe yemwe akukunyansa pang'ono. Zonsezi ndinkazidziwa, ndinkazifotokozeranso anzanga pa depoti. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinkaopa kuti chisankho chachibwereza chipatsa olamula mpata wokonza zinthu mwanjira zawo, ndipo ndinkafuna kuti zithe tsiku lomwelo. Sindinapite kukasankha mtsogoleri. Ndinapita kukalanga, monga ndinapitira kukalanga mu 2020, ndipo chikwapu chomwe ndinachipeza pafupi chinali munthu wa zaka 85 yemwe ndinathandiza kumuchotsa. Sindinaiwale za magetsi ozimazima a nthawi yake, kapena anyamata a chipani oyenda ndi zikwanje. Ndinangoyerekeza mtengo wa thumba la chimanga nthawi ija ndi nthawi ino.

A Mutharika anapeza mavoti pafupifupi 57 pa 100, a Chakwera 33. A Kabambe sanafike ndi 5 yomwe. A Chakwera anavomera kugonja zotsatira zisanalengezedwe n'komwe, ndipo pa chimenecho ndimawapatsa ulemu. Usiku wa pa 24 Sepitembala anthu analiza mahutala mumzinda. Yanga sindinaigwire.

Nditapita kumudzi, amayi anandifunsa kuti ndavotera ndani. Iwo mu 1993 anavotera nyali, kukana chipani chimodzi, pa nthawi yomwe kutero kunkafuna mtima wolimba. Nditawauza, anakhala chete kanthawi.

"Mwanawe, si iwe unkatiuza kuti amenewa ndi akuba mavoti?"

"Ndine ndemwe, amayi."

"Nanga chasintha n'chiyani?"

Ndinawauza kuti palibe chasintha pa iwo, koma kuti enawa anandikhumudwitsa kwambiri. Anangopukusa mutu n'kupitiriza kutongola chimanga.

Chondidabwitsa n'chakuti pa pepala la aphungu Amalawi sitiopa. Chaka chomwecho cha 2025 oima paokha anatenga mipando yambiri ku Nyumba ya Malamulo kuposa MCP, chipani chomwe chinali m'boma. Phungu timamudziwa, timadziwa ngati anabwera pamaliro kapena ngati mjigo anaukonza, ndiye chizindikiro cha chipani sichitiwopseza. Koma tikafika pa pulezidenti timawerengera anzathu kuti avotera ndani, iwonso akuwerengera ife, mpaka tonse tikathera pa mayina awiri omwe timawadandaula m'minibasi. A Mutharika sangaimenso mu 2030, malamulo salola kupitirira materemu awiri. Koma okwera anga ayamba kale kukangana za yemwe adzaimire DPP ndi yemwe adzaimire MCP, ndipo dzina la chipani china sindinalimvepo.