Kutsikira ku Nyanja ndi Ntchito ya Kompyuta

Lupaso ndi dera lina la mzinda wa Mzuzu, chakumpoto, moyandikana ndi Luwinga ndi Nkhorongo. Kumeneko kumazizira, makamaka m'miyezi ya June ndi July, pamene nkhungu imakuta zitunda m'mawa. Mzinda wa Mzuzu si wakale kwambiri ayi. Unayamba ndi minda ya mitengo ya tung imene inatsegulidwa m'chaka cha 1947, ndipo unatchedwa mzinda mu 1985. Pamene boma linawerenga anthu mu 2018, linapeza kuti mumzindamo muli anthu oposa 220,000. Muli mabanki, masitolo, chipatala chachikulu, fakitale ya khofi, ndiponso sukulu yaukachenjede ya Mzuzu University, imene inalandira ophunzira ake oyamba mu 1999.

Kumene kuli anthu ambiri kulinso ogulitsa ambiri, ndipo ogulitsa akachuluka amayamba kulimbirana ogula. Apo ndi pamene pamabadwira ntchito yotsatsa malonda. Kutsatsa malonda ndiko kudziwitsa anthu kuti katundu wakutiwakuti alipo, ali pakutipakuti, ndipo mtengo wake ndi wakuti. Kale wogulitsa ankangokuwa pamsika mpaka mawu kusasa. Lero amajambula katundu wake, nalemba mawu ochepa, ndi kutumiza chithunzicho pa Facebook kapena pa WhatsApp, kuti chifike m'mafoni a anthu amene sanapondepo pasitolo pake.

Ku Lupaso kunali mtsikana wina amene anadziwa bwino ntchito imeneyi. Atate ake anamwalira iye akali wamng'ono, ndipo amayi ake anam'lera ndi ndalama za tomato ndi chimanga cha m'dimba. Atatsiriza Folomu 4 anaphunzira kompyuta pa sukulu ina ya m'tauni, napeza ntchito pa sitolo yosindikiza mapepala. Kumeneko ankalemba makalata oitanira anthu ku ukwati, mapulogalamu a maliro, ndi zikwangwani za masitolo. Eni masitolo ena ankam'patsanso zithunzi za nsapato, ziwiya ndi nsalu kuti awaikire pa intaneti. Malipiro ake sanali aakulu, koma ankabwera mwezi ndi mwezi osaphonya. Ndi ndalama zimenezo ankalipira fizi ya mlongo wake wamng'ono, amene anali ku sekondale.

Mtsikanayo anakwatiwa ndi mphunzitsi wa pulayimale, ndipo anamanga banja lawo ku Lupaso komweko, pafupi ndi amayi ake. Koma m'chaka cha 2022 mwamunayo analandira kalata yom'samutsira ku sukulu ina ya kufupi ndi boma la Nkhata Bay.

Usiku umenewo anakambirana nthawi yaitali. Mwamunayo anati, "Akazi anga, musade nkhawa. Anthu amanena kuti ntchito ya kompyuta ilibe kwawo. Mukanyamula kompyuta yanu, mwanyamula ofesi yonse."

Mkaziyo anayankha kuti, "Amuna anga, kompyuta ndinyamuladi. Nanga anthu amene amandilipira, ndiwanyamula m'chiyani?"

M'mawa mwake anapita kwa amayi ake kukafunsa nzeru, pakuti safunsa anadya phula. Amayiwo anayamba akhala chete, akusankha tomato m'dengu. Kenaka anati, "Mwana wanga, banja silikhala m'nyumba ziwiri. Pita ndi mwamuna wako. Za fizi ya mlongo wako tidzaona." Ananena mawuwo molimba mtima, koma onse awiri anadziwa kuti dimba lokha silingathe kulipira sukulu.

Kuchokera ku Mzuzu kukafika ku Nkhata Bay ndi mtunda wosakwana makilomita 50. Msewu umatsika mokhotakhota pakati pa mapiri ndi nkhalango, ndipo amene wachoka ku Mzuzu atavala juzi amaivula asanafike kunyanja. Tauni ya Nkhata Bay yakhala m'mbali mwa mapiri, moyang'ana doko. Padoko pamenepo pamaima sitima ya Ilala, imene inapangidwa ku Scotland ndipo inayamba kuyenda pa nyanja ya Malawi mu 1951. Sitimayo ikafika, tauni yonse imadzuka: onyamula katundu, ogulitsa nthochi ndi chinangwa, apaulendo opita ku Likoma ndi ku Chizumulu. Ikachoka, tauni imabwerera m'bata lake. Anthu a m'tauniyo sakwana 20,000, ndiye kuti sakwana ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi a anthu a ku Mzuzu. Eni dziko ndi Atonga, anthu odziwa nyanja, okonda ukhondo ndi kuvala bwino, ndipo nsima yawo ndi kondowole, ya ufa wa chinangwa.

Mayi wachichepereyo anatha miyezi itatu akufuna ntchito. Anayamba ndi maofesi a boma, koma anauzidwa kuti malo a anthu a kompyuta ndi ochepa, ali nawo kale eni ake, ndipo malo akapezeka amalengezedwa kuti dziko lonse lipikisane. Anaganiza za minda ikuluikulu ya m'bomalo, ya tiyi ku Kawalazi ndi ya mphira ku Vizara. Koma minda yotere sigulitsa katundu wake kwa anthu odutsa mumsewu. Tiyi ndi mphira zimapita kwa ogula aakulu akutali, ndipo palibe chikwangwani chimene chimafunika. Anayendanso m'nyumba zogona alendo za m'mphepete mwa nyanja. Zikuluzikulu zinali ndi masamba awo pa intaneti, ndipo eni ake, ena mwa iwo ochokera maiko akunja, ankadzilembera okha. Anam'landira mwaulemu, nam'patsa madzi ozizira, koma ntchito panalibe.

Ngakhale sitolo yosindikiza mapepala sinam'fune. Ku Mzuzu masitolo khumi amagulitsa nsapato zofanana, motero aliyense amafuna kuti amveke kuposa mnzake. M'tauni yaing'ono aliyense amadziwa kale amene amagulitsa simenti ndi amene amagulitsa shuga. Munthu sangalipire ndalama kuti auze anansi ake chinthu chimene akuchidziwa kale. Mawu aja akuti ntchito ya kompyuta ilibe kwawo ndi oona theka lokha. Kompyuta ilibedi kwawo, koma malipiro ali ndi kwawo.

Chaka chimenechonso chinali choipa pa magetsi. Mu January 2022 namondwe wotchedwa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, pa mtsinje wa Shire, ndipo dziko lonse linakhala ndi magetsi osakwanira kufikira chaka chotsatira. Mayiyo anayesa kugwira ntchito ya mabwana ake akale ali kunyanja komweko, kuti azitumiza pa intaneti. Koma magetsi akathima m'mawa, batire ya kompyuta inkatha dzuwa lisanafike pamutu, ndipo mwini ukwati sangadikire makalata ake kufikira magetsi atayaka. Posakhalitsa ku sitolo kuja analemba munthu wina.

Teremu imeneyo fizi inachedwa, ndipo mlongo wake anakhala pakhomo masabata awiri. Amayi ake sanam'dzudzule. Anangonena pafoni kuti tomato watsika mtengo. Kusadzudzula kumeneko kunam'pweteka koposa mawu aukali.

Tsiku lina m'mamawa anatsikira kugombe kukagula ndiwo. Anali ataphunzira kale kupereka moni m'Chitonga, ndipo anati kwa mayi wina wachikulire amene ankayanika usipa pathandala, "Mwe uli?" Mayiyo anaseka katchulidwe kake, nam'patsa malo pamchenga. Pocheza, anadandaula kuti ogula ochokera kumtunda amafika ndi mtengo wawowawo, ndipo iye sangakane, chifukwa sadziwa kuti ku Mzuzu usipa ukugulidwa bwanji tsikulo. Kuti apite yekha kumsika wa ku Mzuzu, ndalama ya minibasi ndi ya malo ogona inkadya phindu lonse.

Mayi wa ku Lupaso uja ankadziwa amayi ambiri ogulitsa nsomba mumsika wa Mzuzu ndi wa ku Luwinga, pakuti ena anali anzawo a amayi ake. Anati, "Amayi, mundilole ndijambule usipa wanuwu." Anaujambula dzuwa likuuwalira, naikapo dzanja lake pambali kuti ukulu wa nsombazo uoneke. Anatumiza chithunzicho kwa amayi asanu, pamodzi ndi mtengo wa chidebe chimodzi. Lisanalowe dzuwa awiri anayankha. Ndalama anatumiza pafoni, wina pa Mpamba wina pa Airtel Money, ndipo matumba awiri anakwera minibasi m'mawa mwake, atalembedwa maina ndi manambala a eni ake.

Umu ndi mmene inayambira ntchito yake yoyamba ya kunyanja. Inalibe dzina, inalibe ofesi, ndipo anzake a ku sukulu ya kompyuta akadamuona atakhala pamchenga pakati pa ntchentche akadati wataya maphunziro ake. Komatu imeneyo inali ntchito yotsatsa malonda yeniyeni: kupeza amene ali ndi katundu, kupeza amene akum'funa, ndi kuchititsa kuti awiriwo akhulupirirane. Amayi ena a pagombe anamva, nabwera nawonso. Iye ankalandira kandalama pa thumba lililonse, ndipo ankalemba zonse m'kompyuta: mwini nsomba, wogula, mtengo, tsiku, ndi ngongole yotsala. Amayi amene kale ankasunga ngongole zawo m'mutu anayamba kubwera madzulo kudzafunsa kuti, "Mwana wathu, tationera m'makina mwakomo, uje uja watsala ndi zingati?"

Anaphunziranso zinthu zimene sukulu ya kompyuta siphunzitsa. Asodzi a usipa amapita panyanja usiku ndi nyali, chifukwa nsombazo zimatsata kuwala. Mwezi ukawala kwambiri nyali sizikopa kanthu, ndipo usipa umasowa. M'nyengo yozizira mphepo ya mwera ikaomba, mabwato amakhala pamtunda masiku angapo. M'nyengo ya mvula usipa suuma bwino, ndipo wogula akalandira thumba lonunkha sabweranso. Motero iye anazolowera kuyang'ana kumwamba asanalonjeze kanthu kwa munthu wa ku Mzuzu. Tsiku linanso munthu wosadziwika anatumiza uthenga wabodza wooneka ngati wa ndalama, ndipo thumba limodzi linapita osabwerera. Analipira yekha thumbalo kuti asataye dzina lake pagombe. Kuyambira pamenepo thumba silikwera galimoto iye asanaone ndi maso ake kuti ndalama zalowadi.

Ntchito yachiwiri inabwera kudzera mwa amayi omwewo. Mmodzi wa iwo anali ndi mlamu wake, bambo wokalamba, mwini nyumba ya alendo ya zipinda zisanu ndi chimodzi. Nyumbayo inali yaukhondo ndi yoyang'ana kunyanja, koma chiyambire mliri wa Covid-19 mu 2020, pamene alendo akunja analeka kubwera, inali isanadzukenso. Bamboyo anali ndi foni yabwino imene ana ake anam'gulira, koma mauthenga a alendo ankawayankha patapita sabata. Mayiyo anajambula zipinda, khonde, ndi dzuwa likutuluka m'madzi, nalemba mitengo yake momveka m'Chingerezi ndi m'Chichewa. Uthenga ukafika ankauyankha tsiku lomwelo. Sanathamangire azungu okha ayi. Anaona kuti ku Mzuzu kuli mabanja, makwaya ndi magulu a ophunzira amene amafuna kukaona nyanja Loweruka, ndipo ambiri mwa alendo atsopano anachokera kumeneko.

Pa za malipiro bamboyo ananena poyera kuti, "Mwana wanga, za pamwezi sindingathe. Mlendo akagona, nawenso udya." Anagwirizana chomwecho. M'miyezi yopanda mvula, ndi pa Khirisimasi, ndalama zinkaoneka. Mu February ndi March zipinda zinkakhala zopanda munthu.

Ndi zimene anasunga anagula sola yaing'ono ndi makina osindikizira akale, nayamba kulembera aphunzitsi mayeso ndi achinyamata makalata ofunsira ntchito. Mu November 2023 ndalama ya kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo inki ndi mapepala, zimene zimachokera kunja, zinakwera mtengo nthawi yomweyo. Aphunzitsi sanathe kulipira mtengo watsopano, choncho phindu la makinawo linachepa kwambiri. Usipa ndiwo unam'gwira dzanja.

Akawerenga zonse za chaka chathunthu, ntchito zitatuzi zinkam'patsa ndalama zofanana ndi malipiro ake akale, mwina kuposerapo pang'ono. Koma sizinkabwera mofanana. Mwezi wina zinkasefukira, mwezi wina kunali gwa. Sukulu siidziwa za mwera kapena za kuwala kwa mwezi. Imafuna fizi pa tsiku lake. Tsono iye anatsegula buku ku banki, ndipo m'miyezi yabwino ankaikamo fizi ya materemu awiri asanagule kanthu kena kalikonse. Mlongo wake analemba mayeso a Folomu 4 osathamangitsidwanso.

M'chaka cha 2024 mwini sitolo ya ku Mzuzu uja anam'imbira foni. Munthu amene anam'lowa m'malo anali atapita ku Lilongwe, monga amachitira achinyamata ambiri odziwa kompyuta, ndipo malo anali opanda munthu. Malipiro a pamwezi analipo, ndipo nyumba ya amayi ake ku Lupaso inali ndi chipinda chom'dikira. Amayiwo anali atayamba kudwala miyendo, ndipo kudimba sankapitanso masiku onse.

Mwamuna wake anati, "Akazi anga, ulendo uno sindinena kanthu. Munanditsata kamodzi." Amayi a pagombe atamva sanabise mawu. Wachikulire uja anafunsa kuti, "Nanga mabuku athu a ngongole adzatsala ndi yani?"

Mayiyo anayankha mwini sitolo kuti angathe kukwera ku Mzuzu Lolemba ndi Lachiwiri, kugona ku Lupaso kwa amayi ake, ndi kugwira ntchito yotsalayo ali kunyanja, popeza tsopano anali ndi sola. Mwini sitolo anati sanaonepo munthu wolembedwa ntchito amene bwana wake samuona masiku atatu pa sabata, ndipo anapempha kuti ayese miyezi iwiri yokha, pa theka la malipiro. Iye anavomera. Asanayambe, anatenga mdzukulu wa mayi wachikulire uja, mtsikana wa Folomu 2, nakhala naye masabata atatu pakhonde, akum'phunzitsa kujambula nsomba, kulemba ngongole, ndi kusiyanitsa uthenga woona wa ndalama ndi wabodza.